Tinyade, Usanakwere Chimanimani

Chikanga, Lamlungu masana

Mwana wanga Tinyade,

Ndakhala pakhonde ndi cholembera pamene iwe wapita m'tauni kukatenga tenti kwa anzako. Chikwama chako chili pampando pomwe wachisiya, ndipo ndikuuziretu kuti ndachisanthula chonse. Ukwiya, ndikudziwa. Ukwiye ndithu, koma uwerenge kaye.

Ndikulemba chifukwa pakamwa zikundikanika. Dzulo ndinayesa, tinangothera kukangana, iwe n'kumati, "Mhamha, inu mumaopa chilichonse," ine n'kumakweza mawu, abambo ako n'kutuluka kukadyetsa nkhuku zomwe zinali zitadya kale. Ndalembanso m'Chinyanja mwadala. Ndikanalemba Chishona kapena Chingelezi ukanangothamangitsa maso ngati uthenga wa pafoni. Chinyanja umachiwerenga motsata ndi chala, liwu ndi liwu, ndipo ndi mmene ndikufunira.

Sindikukuletsa. Wakula, koleji wamaliza, ndipo mawa m'mawa ukwera basi ya ku Chimanimani ndi anzako, mukagone m'matenti ndi m'mapanga mpaka Lachisanu. Ndavomera. Koma chivomerereni sindikudya bwino, ndiye undilole ndinene zimene zili kukhosi.

Ndiyambe ndi kulemera kwa chikwamachi. Ndayesa kuchinyamula ndi dzanja limodzi, chandikana. Muli mabuluku awiri a jini, botolo lalikulu la mafuta odzola, kasipika koimbira nyimbo ndi buku lonenepa ngati njerwa. Tinyade, zonsezi ukazibereka ndiwe, pamtunda, dzuwa lili paliwombo.

Unali usanabadwe pamene tinachoka pa famu ya fodya kuseri kwa Odzi, kumene ine ndi abambo ako tinabadwira. Nthawi yolanda mafamu ija, anyamata anabwera ku komboni kwathu m'mawa n'kutiuza kuti dzuwa lisalowe tili pomwepo. Mkulu wina anafunsa kuti tilowere kuti. Anamuyankha kuti, "Kwanu ku Malawi." Ine Malawi ndinali ndisanamuonepo, ndipo mpaka lero sindinamuone. Munthu akakuuza kuti ulongedze nyumba yonse dzuwa lisanalowe, mutu sugwira. Ndinasenza makina osokera, mphika wachitsulo wa miyendo itatu ndi wotchi yapakhoma imene tinalandira paukwati. Bulangeti ndinatenga limodzi lokha. Magalimoto ankaopa kuima, ndiye tinayenda pansi kulowera ku Mutare, tikudzera m'tchire popewa msewu waukulu. Tsiku loyamba lisanathe khosi linali litauma gwa. Wotchi ndinaitsamiritsa bwinobwino pamtengo wa msuku ngati ndidzabwera kudzaitenga. Mphika ndinapatsa mayi wina amene anatithandiza moto. Titagona panja tsiku limenelo, chimene ndinalakalaka chinali bulangeti lachiwiri basi.

Ndiye tsitsa zinthu, mwana wanga. Buku lisiye, lidzakudikira. Mafuta uthire m'kabotolo kakang'ono. Majini onse atsale, ndipo chifukwa chake ndikuuza kutsogoloku. Zolemera uziike pafupi ndi msana, chapamwamba, monga timamangira mwana kumbuyo. Lamba wa chikwama umange m'chiuno molimba kuti mapewa asasenze okha. Ukamaliza kulongedzanso, uchibereke madzulo ano ukwere nacho mtunda wa kuseri kwa sukulu uja. Chimene chikakutopetse pamenepo, kuphiri chikakuliza.

Nsapato zako zatsopano zija zandisowetsa mtendere. Ndi zokongola, sindikukana, koma wazivala kawiri kokha, m'nyumba muno, ukudziyang'ana pagalasi. Pa ulendo wochokera ku Odzi uja ine ndinavala nsapato zapulasitiki zimene ndinkasungira Khirisimasi, poganiza kuti kuzivala n'kosavuta kusiyana ndi kuzinyamula. Pofika masana zidendene zinali zitatentha. Ndinachita manyazi kuimitsa gulu lonse, ndinangoluma mano. Madzulo matuza anali ataphulika, khungu litamatirira kunsapato, ndipo abambo ako anachita kudula nsapatozo ndi mpeni kuti phazi lituluke. Mtunda wotsalawo ndinayenda nditakulunga mapazi ndi zidutswa za chitenje. Iwe tenga nsapato zakale zimene unkayenda nazo pophunzitsa ku Dangamvura. Ndazichapa, zili padenga la khola zikuuma. Ngati waumirira zatsopanozo, uvale masokosi awiriawiri, ndipo pulasitala ndakuikira m'kathumba kam'mbali. Ukangomva kutentha pachidendene, ima pomwepo umate. Usadikire kuti anzako aime.

Apa ndi pamene mtima wanga ukugunda kwambiri, chifukwa ndimakudziwa. Iwe sudandaula. Uli giredi folo unagwa mumtengo wa mapeyala kwa aneba, n'kubisa dzanja lothyoka m'juzi mpaka tsiku lotsatira, kuopa kuti anzako aziti ndiwe wolira. Ndinazindikira nditaona ukumwa tiyi ndi dzanja lamanzere. Khalidwe limenelo kuno kutauni limangondikwiyitsa, koma kuphiri lingakuphe. Ukatopa unene. Mutu ukamawawa unene. Chifuwa chikayamba kuthina unene msanga, usanafike poti mawu akukanika kutuluka. Mphumu yako yakhala chete zaka zingapo, koma mphepo yozizira ndi imene imaidzutsa. Mankhwala ako opopera ndawapeza pansi penipeni pa chikwama, pansi pa poto. Amenewo azikhala m'thumba la jekete, pachifuwa, pomwe dzanja lingafike ngakhale uli chogona. Ena owonjezera upatse mnzako mmodzi asunge, ndipo onse adziwe kuti uli ndi mphumu. Usachite nazo manyazi, Tinyade. Unene basi.

Za madzi. Unandiuza kuti mitsinje ya kumeneko ndi yoyera ngati galasi, munthu amangomwa ndi manja. Ifenso pa ulendo uja tinapeza damu loyera bwino, ludzu litatipha, tonse tinagwada n'kumwa. Sitinadziwe kuti kumtunda kwake kunali dibi la ng'ombe. Abambo ako anatsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati, ndipo mtunda wotsikira ku Sakubva tinachita kuwagwiriza uku ndi uku ngati woledzera. Mwamuna wamphamvu uja amene ankasenza mabelo a fodya yekha. Kumapiri kumene ukupita kuli anthu okumba golide m'makhwawa, ndipo sudziwa chimene atsukira kumtunda. Madzi muziwiritsa. Ngati gasi wachepa, muthire timapiritsi toyeretsera madzi timene ndatenga kuchipatala, tili m'kabokosi limodzi ndi bandeji. Ndakumangiranso shuga ndi mchere m'timapepala, kuti wina akatsegula m'mimba mumusungunulire. Botolo lisamathe usanadziwe kumene ukatunge ena.

Chakudya chimene mwagawana ndachiona. Mpunga ndi supu za m'mapaketi n'zabwino, koma zonsezo zimafuna moto, ndipo mvula ikagwa moto umavuta. Ndakukazingira mtedza, ndasinja chiponde, ndaikamo maputi, chimanga chophulitsa chija, ndi matemba okazinga kale. Uzidya pang'onopang'ono uli m'njira, njala isanakupeze. Phukusi limodzi ndalimanga ndi ulusi wofiira. Limenelo usalitsegule pa chisangalalo, ngakhale anzako akunyengerere bwanji. Ndi la tsiku limene zinthu zingasokonekere, mukachedwa kutsika. Ukabwera nalo losatsegula ndidzathokoza Mulungu.

Tsopano ndikuuze za amalume ako a Jailosi, mlongo wanga, amene ankakunyamula pamapewa kukakugulira maswiti pa shopu. Tinakuuza kuti anadwala chibayo ali kumapiri. Unali wamng'ono, nkhani yonse sinali ya mwana. Lero uyenera kuimva, chifukwa mapiri ake ndi omwewa.

Zinali zaka za njala zija, mashopu ali mbee, mashelefu okhaokha. Ntchito kunalibe, ndipo anyamata ambiri ankakwera Chimanimani kukakumba golide. Jailosi anapita ndi mnzake Tendai, amene anakulira naye limodzi pa famu, pamodzi ndi anyamata ena. Maulendo oyamba anabwerako bwino, atatenga ufa ndi sopo, akuseka, akusimba za mathithi ndi miyala yoyera yooneka ngati nyama zogona. Ulendo wotsatira, m'mawa wina ndili pa benchi langa la kaunjika ku msika wa Sakubva, ndinaona Tendai akubwera yekha. Anali atanyamula thumba la Jailosi. Anafika n'kukhala pansi pafumbi, osapereka ngakhale moni.

"Jailosi ali kuti?" ndinamufunsa.

"Sisi, khalani pansi."

"Ndakufunsa kuti Jailosi ali kuti."

Anayamba kulira ngati mwana, amayi a mabenchi oyandikana n'kutizungulira. Atatonthola anafotokoza. Ananyamuka kuli dzuwa lowala, atavala timalaya ta masikipa, timajekete topyapyala ndi majini, akudutsa pamwamba pa phiri pomwe palibe mtengo, udzu ndi miyala basi. Chakumasana kunabwera nkhungu ndi kamvula kowaza kaja timati guti, pamodzi ndi mphepo. Sinali mvula yoti munthu n'kuiopa. Koma inalowa paliponse. Mabulangeti anali m'masaka, ananyowa onse. Majini anamatirira m'miyendo, olemera, ozizira. Jailosi ankanjenjemera mano akugundana, koma akuchitabe nthabwala. Kenako anayamba kupunthwa pamalo opanda mwala, mawu akutuluka ngati wamwa kachasu. Kenako kunjenjemera kuja kunasiya.

Tendai anati, "Anandiuza kuti, 'Kuzizira kwatha, ndili bwino tsopano. Tsogolani mukakoleze moto kuphanga, ine ndipume pang'ono, ndikupezani.' Sisi, ankaoneka bwinodi. Phanga linali pafupi. Tinamukhulupirira."

Atafika kuphanga anapeza machesi atanyowa. Mmene ankapeza moto kwa anthu ena n'kubwerera kukamutenga, nkhungu inali itatseka moti munthu sankaona dzanja lake. Anaitana mpaka mawu kusasa, mphepo n'kumangowabwezera. Anamupeza kutacha, pambali pang'ono pa njira, atatsamira mwala ngati wagona. Jekete anali ataivula yekha n'kuiika pambali.

"Anali pafupi, Sisi," Tendai ankangobwereza. "Kukanakhala kowala akanauona utsi wathu."

Tendai sindinamuimbe mlandu, ndipo mpaka lero tikakumana timapatsana moni. Sankadziwa, monganso ine sindinkadziwa. Patapita nthawi namwino wina wa kutchalitchi kwathu anandifotokozera kuti kuzizira kumapha motero. Munthu akasiya kunjenjemera n'kumati akumva kutentha, ndiye kuti zafika poipa. Jailosi sanagwe kuphompho, sanalumidwe ndi njoka. Ananyowa basi, mnyamata wamphamvu, m'mwezi umene kuno ku Mutare tinkagona mawindo ali otsegula.

Wamva tsopano chifukwa chake majini ndawakana. Ndinatsegula belo latsopano sabata yatha, n'kusankhamo juzi yaubweya, buluku lopepuka louma msanga, chipewa chofunda ndi jekete ya mvula yokhala ndi chophimba kumutu. Mtundu wake suukonda, ndikudziwa, ndi wachikasu ngati wa anthu okonza misewu. Ndasankha dala kuti uzioneka patali. Zovala zogonera pamodzi ndi thumba lako logonamo uzikulunge m'mapulasitiki awiri, umange pakamwa. Zimenezo usamavale poyenda, ngakhale zoyendera zitanyowa bwanji. M'mawa uzivalanso zonyowazo, zouma uzisunga kuti pogona ukhale ndi chofunda. Machesi ndawaika m'kabotolo ka mapiritsi kotseka bwino, ndipo ena akhale ndi mnzako. Tochi ili ndi mabatire atsopano, ena ali m'sokosi.

Ndipo ichi uwauze anzako onse musanayambe kukwera, ngakhale akuseke: palibe wotsala yekha. Wina akati, "Tsogolani ndikupezani," mukhale naye pansi pomwepo. Wina akayamba kupunthwa, kuyankhula zosamveka kapena kukwiya popanda chifukwa kukuzizira, muime, mukhome tenti, mumuvule zonyowa, mumulowetse m'thumba logonamo pamodzi ndi mnzake kuti amufunditse ndi thupi. Mum'mwetse tiyi wotentha wa shuga wambiri ngati akutha kumeza. Mowa ayi. Ndipo ngati wotero ndiwe, Tinyade, ngati ndiwe ukumva pakamwa pako pakutuluka mawu oti "ndili bwino, tsogolani," usadzikhulupirire. Ndakupempha. Palibe wotsala yekha.

Nkhungu ikatsika muli pamwamba, musayende. Khalani pamodzi, mufunde, mudikire. Ndakumangirira wezulo pa lamba wa chikwama, uja ankagwiritsa ntchito abambo ako pa ulonda. Mawu a munthu mphepo imawameza, koma wezulo amapyoza. Mtsinje ukadzaza musawoloke, ngakhale basi ikusiyeni, ngakhale chakudya chichepe. Madzi a kumapiri amakwera msanga ndipo amatsikanso msanga. Wakumbukira chaka cha chimphepo chija, mmene matope anatsikira m'midzi ya kumeneko. Musakhome tenti m'khwawa chifukwa choti pali mchenga wofewa.

Mnyamata amene akukutsogolerani, Farai, ndamuona kamodzi kokha, tsiku lija anabwera kudzakusiyira mapu. Ndi waulemu, anandipatsa moni ataomba m'manja. Koma ndinamumva akuti iye njira amaidziwa ngati ya kubafa, ndipo mawu amenewo sanandisangalatse. Ndaonanso mmene umasekera akamayankhula, ndine mayi ako, maso ndili nawo. Zimenezo tidzakambirana tsiku lina. Lero ndingoti usakwere pamene mtima wako ukukana pofuna kuti iye akuone wolimba. Akati tifike pansonga pomwe mitambo yayamba kuda, iwe unene kuti tibwerere. Ngati ndi munthu wabwino adzakumvera. Pa ofesi ya pansi pa phiri mulembetse maina, munene njira imene mudzere ndi tsiku lotsika, ndipo mutenge munthu wa komweko wokuperekezani. Musaumire pamenepo. Akakuuzani miyambo ya phirilo, kuti apa musaloze chala, apa musatukwane, mumvere. Ife ndife a tchalitchi, koma malo ali ndi eni ake, ndipo mlendo satsutsa.

Chitupa chako usachisiye. Kumeneko ndi kumalire ndi Mozambique, njira zina zimawoloka munthu osadziwa, ndipo ukakumana ndi asilikali, dzina lathu la Banda limabweretsa mafunso ambiri kuposa a anzako. Uyankhe mofatsa, uonetse chitupa, usachite makani ako aja. Okumba golide mukakumana nawo muwapatse moni n'kupitirira. Ambiri ndi ana a anthu ngati mmene analili amalume ako, koma usawajambule ndipo usapatuke wekha kupita kuthengo popanda mtsikana mnzako.

Foni usaidalire. Netiweki kumeneko imapezeka apo ndi apo, ndipo batire limatha msanga kukazizira. Uziizimitsa, uziyatsa pokhapokha mwafika pamtunda. Ukapeza netiweki unditumizire liwu limodzi lokha, "tilipo," ndipo ine ndigona. Usananyamuke uwajambulire abambo ako njira yanu papepala, mapanga amene mugonemo, ndi manambala a makolo a anzako. Tagwirizana kuti Loweruka likafika masana tisanamve kanthu, iwo akwera basi kukauza apolisi ndi oyang'anira phiri. Ndiye mukasintha njira kapena tsiku, muyesetse kutidziwitsa, kuti tisakasake kolakwika.

M'mawa uno tikuchokera kutchalitchi ndinawauza abambo ako kuti mwina ndibise nsapato zako zonse kuti ulendo ulephereke. Anaseka, tinayenda mpaka pa geti. Pamenepo anati, "Mayi a Tinyade, ife tinayenda m'tchire atatithamangitsa. Jailosi anayenda chifukwa cha njala. Mwanayu ndi woyamba pamtundu pathu kuyenda chifukwa wafuna yekha. Musiyeni akaone." Ndinalowa m'nyumba n'kuyamba kukazinga mtedza, misozi ikugwera m'chiwaya. Akunena zoona, ndipo ndikufuna ukasangalale, ukasambe m'mathithi, ukaseke ndi anzako mpaka nthiti kuwawa. Mantha awa ndi anga, usawasenze. Iwe utenge malangizo okhawa.

Ndikumva kombi, minibasi ija, yaima pakona, mwina ndiwe, ndiye ndifulumire. Mawa sindikuperekeza ku basi. Ndingakagwire chitseko n'kukuchititsa manyazi pamaso pa anzako. Akuperekeza abambo ako, ine ndidzakupempherera tili m'nyumba, ndipo ukadzaona ndikupukuta maso usadzafunse.

Koma Lachisanu benchi ndidzatseka msanga. Ndidzakhala pa siteji ya mabasi ku Sakubva, ndikuyang'ana basi iliyonse yochokera ku Chimanimani, ndipo usandiuze kuti ndisabwere. Ubwere wakuda ndi fumbi, wonunkha utsi, wotsimphina ngati n'kutero, zonsezo ndilandira. Ukadzatsika usadzayambe ndi kundionetsa zithunzi. Udzatule chikwama pansi, undilole ndikugwire kaye.

Mulungu akutsogolere pokwera, akutsogolerenso potsika.

Ndine mayi ako,
Naphiri